Tulo tabodza pampando wozulira mano

Nkhaniyi kwathu ku Chiuta aliyense amaidziwa, koma amaifotokoza molakwika. Ena amati ndinaluma dotolo chala. Ena amati ndinatulukira pawindo. Ine sindinalume munthu, ndipo ndinatulukira pakhomo monga amatulukira aliyense, kungoti liwiro lake ndilo linali lachilendo. Ndiye ndati ndiifotokoze ndekha, mwiniwake, manyazi ake ndithane nawo kamodzi.

Ine ntchito yanga ndi yopikula nsomba. Ndimagula makumba ndi milamba youma m'madooko a nyanja ya Chiuta, kumanga dengu panjinga, n'kupalasa mpaka kumsika wa ku vila, paboma pathu paja. Zaka zanga zadutsa makumi asanu. Ndinathawa nkhondo ndili mnyamata, ndinakhala ku Malawi, ndinabwerera, ndagwapo panjinga kosawerengeka, ndinathamangitsidwapo ndi njuchi ndili ndi dengu lodzaza. Zonsezi ndinapirira. Koma jakisoni ayi. Tili kothawa nkhondo kuja anatiika pamzere kuti atibaye katemera, ine ndinangoona singano ikulowa pamkono wa amene anali patsogolo panga, kenako ndinadzidzimuka ndili chagada, mayi wina akundikupiza ndi chivundikiro cha poto. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi singano timangopatsana moni patali.

Chaka chatha dzino lakumapeto, lotafunira lija, linayamba kundiwawa. Ndinayesa madzi amchere. Ndinayesa adyo. Mnzanga wina wokonza njinga zamoto anandiuza zodonthezerapo mafuta a mabuleki (musadzayese, mkamwa mumanunkha galaja sabata yathunthu ndipo dzino silimva). Tsaya linatupa ngati ndavumata mango. Tsiku lina ndinakalipira nkhuku chifukwa choyenda mwaphokoso, ndipo apa ndi pamene akazi anga, mayi a Rozita, anaika mtsuko pansi n'kundiyang'ana.

"Bambo a Rozita, mawa mukupita kuchipatala. Mukapanda kupita ndikuzulani ndekha ndi alikate, pulayala ya njinga yanu ija."

Mayi a Rozita sanena zinthu kawiri. M'mawa mwake ndinapalasa.

Ndinapeza bisha, mzere wa odwala mano, ili yaitali, aliyense atagwira tsaya. Pabenchipo panali nkhani imodzi yokha: kwabwera dotolo wa mano watsopano, mtsikana, amene amagoneka anthu ndi mawu okha.

"Akuti amangokulankhula basi, iwe thupi lonse lefu," anatero bambo wina wa chipewa.

"Si zamankhwala achikuda zimenezo?" anafunsa mayi amene anali pambali panga. "Munthu angakugoneke masana dzuwa likuswa mtengo opanda kanthu m'thumba?"

Ine ndinangomvetsera. Mumtima ndinati kaya ndi zachikuda kaya ndi zachizungu, bola zisakhale za singano.

Atandiitana ndinalowa, n'kupeza kuti dotoloyo ndi Anifa, mwana wa malemu che Saide. Che Saide anali mnzanga weniweni, msodzi, amene tinathawira limodzi ku Malawi n'kumafunda bulangeti limodzi. Atamwalira, Anifa anatengedwa ndi azakhali ake kupita kutauni ali ndi zaka zinayi, ndipo ndinali ndisanamuonenso. Mphuno ndi ya bambo ake yeniyeni. Nditadzitchula dzina anagwira pakamwa, n'kunditcha Tiyu, ndiko kuti amalume.

"Tiyu! Ndinu amene munkandikweza padengu la nsomba? Azakhali ankandiuza za inu!"

Tinacheza pang'ono, iye n'kusuzumira mkamwa mwanga, n'kugwedeza mutu. Dzinolo linali lotha ntchito, lofunika kuzula. Ndinamuuza motsitsa mawu za vuto langa ndi singano. Sanaseke (mwana woleredwa bwino). Anati anthu otero ndi ambiri, ndipo n'chifukwa chake anachita kurusu, maphunziro apadera, a chinthu chotchedwa hipinozi. Anafotokoza kuti si matsenga ndipo si tulo teniteni. Munthu amakutsogolera ndi mawu, kupuma kwako n'kudekha, maganizo n'kupita kwina kumene mtima umakonda, mpaka mantha amachepa. Anati amathandizira nayo amayi pobereka, anthu ofuna kusiya fodya, ndi amuna akuluakulu oopa jakisoni. Mawu omalizawa anawanena akuyang'ana kudenga.

"Mukadekha ndiye ndikubayani kajakisoni kochititsa dzanzi, simudzazindikira n'komwe," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Kungoti a shefi, abwana athu kuno, sazikhulupirira. Akuti ndikutayitsa nthawi anthu ali pabisha. Andipatsa mwezi uno wokha kuti aone."

Mawu amenewa ndi amene anandipweteketsa, ngakhale iye sanadziwe.

Anandigoneka pampando uja wopendekeka, n'kundimanga kansalu kobiriwira pakhosi.

"Tsinzinani, Tiyu. Pumirani mkati pang'onopang'ono. Tulutsani. Eya, choncho. Tsopano ganizani kuti muli m'bwato, pakati pa nyanja ya Chiuta. Madzi ali zii. Kamphepo kayaziyazi."

Apa ndiime kaye. Anifa anachoka kunyanja ali kamwana, ndipo nyanja amaidziwira pa zithunzi za mufoni. Ine ndakhala m'mbali mwa Chiuta moyo wanga wonse, ndipo n'chifukwa chake sindikwera bwato. Kusambira sindidziwa. Nsomba ndimazidikira kumtunda, mapazi ali pouma. Ndiye iye atangoti bwato, mutu wanga unayamba ntchito. Bwato la ndani? Ngati ndi la che Bwanali, lija limalowa madzi kumbuyo. Akupalasa ndani? Chokapira madzi chilimo?

"Mukumva chinachake chikugunda bwato pang'onopang'ono, mofatsa," anapitiriza Anifa ndi mawu ozizira bwino. Ankatanthauza mafunde. Koma ku Chiuta chimene chimagunda bwato pang'onopang'ono mofatsa ndi mvuu.

"Tsitsani dzanja m'madzi, muwamve kuzizira kwake."

Dzanja m'madzi! Pakati pa mabango! Ndinafumbata manja onse awiri pamimba. Mtima unkagunda ngati injini ya chigayo, thukuta lili kamukamu, ndipo dzino linkawawa kuposa mmene ndimalowera.

"Tsopano dzanja lanu lamanja likupepuka. Likupepuka ngati nthenga. Likukwera lokha."

Dzanja silinakwere. Linali ndi zifukwa zake.

"Likupepuka, Tiyu. Likukwera lokha."

Anabwereza kachitatu, ndipo ndinamva kuti mawu ake ayamba kunjenjemera kumapeto. Ndinatsegula diso limodzi pang'ono. Pakhomo panaima bambo wamkulu wadazi, wovala zoyera, atapinda manja pachifuwa, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene ananena kale. Ndinadziwa kuti a shefi aja ndi amenewa. Ndinayang'ana Anifa, mwana wamasiye, mwana wa mnzanga amene anandigawirapo chinangwa chake chomaliza. Ndinati ayi, mwana wa che Saide sangachite manyazi ine ndilipo.

Ndinakweza dzanja.

Poyamba ndinalikweza mofulumira ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho, kenako ndinakumbukira kuti nthenga siyenda choncho, ndiye ndinalibweza pang'ono n'kumalikweza monyang'wa, zala zili lendelende. Ndinawonjezerapo kupendeketsa khosi ndi kutsegula pakamwa pang'ono. Kunena zoona ndinachita bwino kwambiri. Ndikanakhala woipa pa sewero, bwenzi zonsezi kulibe.

"Ee?" anatero a shefi. Ndinamva nsapato zawo zikuyandikira. "Wagonadi?"

"Sanagone, shefi, akumva zonse. Angodekha kwambiri," anayankha Anifa, mawu ake atabwerera mwakale, mwinanso kuposa.

A shefi anaitana anzawo. Ndinamva anthu ena awiri akulowa, wina akunong'ona kuti koma zinthu zake. Kenako munthu ananditsina pamkono, kutsina kwa chala chokhala ndi chikhadabo, kopotokola. Ndinapinda zala zakumapazi mkati mwa nsapato mpaka zinalira, koma nkhope sinagwedezeke.

"Mwamva chiyani, Tiyu?" anafunsa Anifa.

"Palibe," ndinayankha ndi mawu okoka, ochokera pansi pa chitsime. "Ndili... panyanja."

Ndinamva a shefi akuti, "Hm." Inali "hm" ya munthu amene wayamba kugonja, ndipo ndivomere kuti inanditsekemera. Pamenepo ndinali nditasiya kuthandiza mwana wa mnzanga. Ndinali nditayamba kusangalala ndi luso langa.

"Tsopano ndikubayani kajakisoni kaja," anatero Anifa. Ndinamva kachitsulo kakulira m'mbale.

Abale anga, apa ndi pamene nzeru zoipa zinandifikira. Ndinaganiza kuti ngati ndapirira chikhadabo chija, dzino lowola kale lingavute chiyani? Mwina kungoligwira lizuka lokha. Ndipo ndikakana jakisoni, Anifa atchuka, ine ndipulumuka singano. Aliyense apindula.

"Musavutike," ndinatero ndi mawu anga a pachitsime aja. "Tsaya lafa kale. Lili ngati mwala."

Anifa sanavomere. Anati nkhani yotere sangakambirane ndi munthu wotsinzina, ndiye awerenga mpaka zisanu kuti ndibwerere. Anayamba kuwerenga. Ine ndinatsegula maso pa zitatu, n'kuzindikira kuti ndafulumira, n'kutsinzinanso mpaka zisanu (palibe anaona, kapena anaona n'kuyesa kuti ndi mmene zimakhalira).

"Tiyu, ndimvetseni," anatero atandiyang'ana m'maso. "Hipinozi ndi yochotsa mantha. Mankhwala adzanzi ndi ofunikabe. Dzino ili lili ndi mizu."

Ndinayang'ana m'mbale muja. Jakisoni wake sanali kajakisoni ayi. Chinali chachitsulo, chokhala ndi mphete yolowetsamo chala, singano yake yaitali ngati sipoko.

"Mwana wanga, sindikumva kalikonse," ndinatero. "Ntchito yako yagwira. Zula."

Anandifunsa katatu. Katatu ndinakana, kachitatuko ndikudziguguda pachifuwa. A shefi, amene tsopano chidwi chinali chitawagwira, anati anamvapo kuti kwina anthu ena amazulidwadi motero, ndipo poti mwini dzino akukana yekha, ayese kungoligwedeza pang'ono, singano ikhale pafupi. Anifa anavomera monyinyirika.

"Mukangomva chilichonse, ngakhale pang'ono, mukweze dzanja lamanzere. Ndisiya pomwepo. Mwamva?"

"Ndamva."

Anandibwezera m'bwato muja. Ndinayasamula. Chitsulo chozizira chinalowa, chinafufuza, chinagwira dzino, n'kupotoza kamodzi.

Sindinakweze dzanja lamanzere. Ndinakweza thupi lonse.

Ululu umenewo sindingaufanizire ndi kanthu. Unachokera m'chibwano, kudutsa m'khutu, kukatulukira kuchala chachikulu cha kuphazi. Ndinakuwa. Ndipo poti mutu wanga unali utakhala nthawi yonseyi pakati pa mabango, mawu amene anatuluka sanali "mayo" ngati a munthu wanzeru. Ndinakuwa kuti, "Mvuu! Mvuu!"

Bondo langa linamenya mbale ya zitsulo, zonse n'kumwazika pasimenti ngati kwagwa njinga khumi. A shefi pobwerera m'mbuyo anakhala mu ndowa ya zinyalala. Ine ndinali kale pakhomo. Ndinadutsa bisha ya mano, ndinadutsa amayi a sikelo amene anakumbatira ana awo, ndinalumpha ngalande, ndinakwera njinga. Ndili pa geti ndinacheuka n'kuona bambo wa chipewa uja akuthamangira mbali ina, mayi uja mbali ina, benchi yonse ili mbee. Anthu amene anabwera atagwira masaya anachira onse nthawi imodzi.

Ndinafika kunyumba kansalu kobiriwira kali pakhosi.

"Dzino lili kuti?" anafunsa mayi a Rozita.

"Lilipo."

"Nanga kansaluko?"

"Zamakono izi sizigwira kwa aliyense," ndinatero, n'kukalowa m'nyumba. Dzino tsopano linali logwedera, likuwawa kawiri.

Nkhani imayenda kuposa njinga. Mawa lake masana mayi a Rozita anabwera kuchokera kumjigo osatunga n'komwe madzi. Anati anthu akunena kuti mtsikana wa kuchipatala amaitana mizimu ya m'nyanja, kuti ine ndinaona mvuu m'chipinda ndi maso angawa, ndipo a shefi amuletsa zogoneka anthu zija. Ena akuti alembe kalata kuti asamutsidwe.

Anakhala pamphasa moyang'anana nane.

"Bambo a Rozita, inu munagonadi?"

"Ndinadekha."

"Inu? Amene mumadzuka khoswe akangoyetsemula kudenga? Mundiyang'ane."

Ndakhala ndi mayi amenewa zaka zambiri, ndipo sindinapambanepo mlandu. Ndinaulula zonse, kuyambira bwato la che Bwanali mpaka dzanja la nthenga. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke.

"Ndiye mwana wamasiye achotsedwe ulemu, atchedwe mfiti, chifukwa bambo wa ndevu zaimvi akuopa kasingano? Che Saide akanakhala moyo mukanawauza chiyani?"

Mawu amenewo anapweteka kuposa chitsulo chija. M'mawa mwake tinapita tonse, iwo atakhala pakaliyala, kansalu katachapidwa n'kupindidwa bwino m'kapulana, chitenje chawo chija. Anati akubwera kudzandilimbikitsa, koma njira yonse anandigwira lamba ngati mbuzi yopita kumsika.

Ndinapempha kuti a shefi akhalepo. Ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse nditayang'ana pansi. Nditafika pa mvuu, a shefi anayamba kugwedezeka mapewa, kenako anaphulika, kuseka mpaka kupukuta misozi ndi malaya. Anifa yekha sanaseke. Maso ake anali ofiira.

"Tiyu, mumayesa mukundithandiza? Ndikanakuthyolani chibwano. Ndakhala masiku awiri ndikuganiza kuti ndinapweteka mnzawo wa bambo anga, ndiponso kuti zonse zimene ndinaphunzira n'zabodza."

"Pepa, mwana wanga. Ndinaona bambowa akukuseka."

"Akanandiseka tsiku limodzi n'kutha. Nanga bwanji simunanene kuti mumaopa madzi?"

"Sunandifunse."

Anapumira m'mwamba. "Zoona. Ndinayenera kufunsa. Kukurusu anatiuza kuti malo asankhe ndi wodwala, koma ine ndinangoti munthu wa ku Chiuta, ndiye nyanja." Anatembenukira kwa a shefi. "Ndipo ndinalakwa kugwira dzino popanda mankhwala, ngakhale iwo anakakamira."

"Pamenepo tinalakwa tonse," anatero a shefi akupukutabe maso. "Muyesenso, ndione zenizeni. Koma mbale ya zitsulo muiike kutali ndi mawondo awo."

Ndinakhalanso pampando. Ulendo uno Anifa anandifunsa kuti mtima wanga umakhala pansi ndikakhala kuti. Ndinaganiza. Ndinamuuza za kamtsetse kena pamsewu wochokera ku vila, pamene ndimafika nsomba zitatha, dengu lili lopanda kanthu, n'kusiya kupalasa njinga n'kumayenda yokha, mphepo ikulowa m'malaya.

"Tsinzinani, tipite kumeneko. Ndipo ngati sizikugwira munene."

"Sizikugwira," ndinatero nthawi yomweyo.

"Sindinayambe, Tiyu."

Anayamba. Anandifunsa zimene zili kumanja kwa msewuwo, ndinati minda ya chinangwa. Kumanzere, mtengo wa mango umene amayi amagulitsirapo nthochi. Anati ndimve tcheni chikulira, ndimve miyendo ikupuma. Ankalankhula pang'onopang'ono, ine n'kumapuma motsatira mawu ake. Sindinagone ayi. Ndinkamva a shefi akusuntha mapazi, ndinkamva mayi a Rozita akutsokomola pakhomo. Koma zonsezo zinali ngati zikuchitika kumudzi wina. Mapewa anatsika okha. Dzanja silinakwere ndipo palibe analifunsa. Atati ndiyasamule ndinayasamula, ndipo ndinamva kanthu kakundiluma m'nkhama ngati nyerere, ndinadziwanso kuti ndi singano, koma ndinali ndisanafike kumunsi kwa mtsetse ndipo ndinaona kuti nkhani ya singanoyo ingadikire. Patapita kanthawi tsaya linachitadi dzanzi, lenileni. Kunali kukankha, kunali kukoka, kenako kanthu kanalira m'mbale.

"Latuluka," anatero Anifa.

Mizu yake inali itatu, yopindika ngati mbedza. Nditaiona ndinazindikira chimene ndinkafuna kuchita dzana lija, ndipo pamenepo ndi pamene ndinatsala pang'ono kukomoka.

A shefi anamulola kupitiriza. Koma bisha ya mano inali itachepa, ndiye Anifa anandipatsa chilango: sabata yotsatira ndibwere m'mawa, nthawi imene anamwino amaphunzitsa anthu asanayambe kuwaona, ndiime kutsogolo ndinene zoona. Ndinaima. Ndinanena kuti m'chipindamo mulibe mvuu, mulibe mizimu, munali bambo wabodza yekha. Ndinawauza kuti akafunsidwa ngati zikugwira anene zimene akumva, chifukwa bodza laulemu ndi la paukwati, pamene akufunsa ngati ndiwo zakoma, osati pamene munthu wagwira chitsulo mkamwa mwako. Anthu anaseka, ena anawomba m'manja, ndipo ndinamva kukoma kuja kukubweranso.

Ndiye mayi wina kumbuyo anakweza dzanja. "Nanga jakisoniyo, bambo, simunaope?"

"Ine?" ndinatero, ndikukonza kolala. "Mayi, ine ndinathawa nkhondo wapansi. Kasingano n'kachiyani kwa ine?"

Anifa anakhosomola. Mayi a Rozita, amene anali pabenchi yakutsogolo, anayamba kuimirira pang'onopang'ono akumanga kapulana, ndipo ine ndinauza anthu kuti nsomba zikundidikira kudooko.